Njoka Imene Ndinkaiona Ndekha

Anzanga, zimene ndikufuna kukuuzanizi si nthano ayi, ndiponso sindinazitole pachitsime, zinandichitikira ine mwiniwakene, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Sinditchula dzina la munthu aliyense chifukwa ambiri mwa iwo adakali moyo ndipo timakumana pachigayo ndi pamaliro, koma amene amakhala cha kwathu kuno ku Zemba akangomva chiyambi chake adziwa okha kuti akulankhulayu ndi mayi uje. Papita zaka ndithu, komabe ndikayamba kuifotokoza nkhaniyi mtima umathamanga ngati zachitika dzulo, nthawi zina ndimafika podzuka pampando n'kumaonetsa ndi manja, mpaka ana anga amayamba kuseka kuti amayi ayambapo.

Ine ndine mlimi wa chimanga, nsawa ndi thonje, komanso ndimaimba kwaya kutchalitchi kwathu kwa Akatolika. Matenda a shuga anandipeza nawo kalekale ku kiliniki ya ku boma, nthawi imene ndinkamwa madzi ngati ng'ombe n'kumaonda osadziwa chifukwa chake. Anandipatsa mapilitsi, ndinkamwa, tiyi wa shuga ndinasiya, thupi linabwerera mwakale, moti ndinkapalasa njinga kupita ku Chadiza n'kubwerako tsiku lomwelo. Maso ndiye musanene, ndinali munthu wolowetsera anzanga ulusi pasingano iwo akalephera. Ndiye ndani akanandiuza kuti m'maso mwangamo mukuchitika kanthu, ine n'kumumvera?

Inali nyengo yotola thonje, munda wonse uli mbee, woti ukayang'anitsitsa maso amachita kulira okha. Tinali awiri, ine ndi amuna anga, iwo kumunsi kwa munda ine kumtunda. Ndinawerama kuti ndinyamule thumba limene ndinali nditalipondereza kwambiri, ndipo pamene ndinkadzuka nalo ndinangoona chinthu chakuda, chachitali, chikutsetsereka pamwamba pa thonje patsogolo panga penipeni, mutu uli pansi mchira uli m'mwamba, chikudzipinda pang'onopang'ono ngati chilibe changu. Thumba lija sindikudziwa kumene linagwera. Ndinaliyatsa liwiro ndikukuwa kuti njoka, nsapato imodzi inatsala pamzere, chitenje chinakodwa m'thonje ine osaima.

Amuna anga anabwera akuthamanga ndi chimtengo m'manja n'kundifunsa kuti ili pati. Ndinaloza pamene ndinaisiya, ndipo inalidi pomwepo. Iwo anamenya thonje lija mpaka linachita kuuluka, osapeza kanthu. Ndinayang'ana kumanzere, njoka ija inali yafika kale kumanzereko. Ndinayang'ana kumanja, nayo inatsetserekera komweko, mochedwa pang'ono ngati ikunditsatira. Kenako ndinatembenuka kuti ndiwayang'ane amuna anga, ndipo ndinaiona ili pachifuwa pawo, pamalaya. Nditawauza, bambo wamkulu ndithu anadumpha n'kuvula malaya aja mabatani akuthothoka, anawaponya kutali n'kuyamba kuwamenya ndi mtengo. Lero timaseka tikakumbukira, koma tsiku limenelo panalibe woseka. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti nditakweza maso kumwamba kuti ndipemphere, ndinaiona ikuyandama mumlengalenga, pamene panalibe mtengo kapena mtambo. Ndi njoka yanji imene imakwera kumwamba popanda chokwerapo?

Tinaweruka nthawi yomweyo. Pofika kunyumba, njoka ija inali itaswa ana, timadontho takuda tambirimbiri ngati mwaye, ndipo pambali pake panali kautsi kofiirira ngati madzi otsukira nyama. Ndikasuzumira mu ndowa ya madzi, ili momwemo. Ndikayang'ana khoma, ili pakhoma. Ndinasamba kumaso ndi sopo, ndinatikita, mlamu wanga wina anandiuzira m'maso poganiza kuti mwalowa kachitsotso, koma ayi ndithu. Palibe pamene pankapweteka, mutu uli bwinobwino, chakudya ndikudya, koma chinthu chikundizungulira chimene wina aliyense sakuchiona. Lamulungu ndinadzilimbitsa mtima n'kupita kutchalitchi poganiza kuti kumeneko sichingalowe. Titangoimirira kuti tiyambe nyimbo yolowera, ndinachiona chitagona pansalu yoyera ya paguwa, chikugwedezeka. Ndinasiya kuimba, ndinatuluka anthu onse akundiyang'ana, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti mayi wa kwaya uja akulondoledwa ndi njoka yosaoneka.

Apa ndiye nkhani inayamba kulowera kwina. Munda wathu wachimanga unachita malire ndi wa abambo ena achikulire a mpingo wa Reformed, amene akazi awo anamwalira kale ndipo ankakhala okha ndi ng'ombe zawo. Chaka chimenecho ng'ombezo zinalowa m'munda mwathu n'kudya mizere ingapo, ndipo alongo anga aakulu, amene ndi nkhoswe yanga komanso munthu wa mtima wapachala, anakawalalatira kwambiri pamaso pa anthu. Akuti pomaliza mkanganowo achikulirewo anangonena kuti chabwino, mudzaona. Mwina ankatanthauza kuti mudzaona ndidzakubwezerani chimanga chanu, ndani akudziwa? Koma alongo anga atamva za njoka anawakumbukira mawu amenewo, ndipo anafika pakhomo panga akupuma mwamphamvu, akuti anthu aja ananena kuti mudzaona, ndiye si izi mwayamba kuonazi?

Amuna anga ankafuna kuti tipite ku kiliniki, koma alongo anga anawafunsa kuti kodi nesi akaibaya jakisoni njoka imene iye sakuiona? Amuna anga ndi mkamwini pamudzi pathu, ndiye mukudziwa kuti mawu awo sapita patali pakakhala eni mbumba. Ineyo ndinali pakati, osadziwa chokhulupirira. Ndinkachita mantha kutseka maso, ndinkachitanso mantha kuwatsekula. Masiku anapitapo, kautsi kofiira kaja kakunka kakukula, mpaka m'mawa wina alongo anga anasonkhanitsa abale pabwalo panga kuti onse apite kwa achikulire aja akawakakamize kuchotsa chinthu chawo. Ena mwa achinyamata anali atanyamula zibonga, ndipo ndikamaganiza lero zimene zikanachitika kumeneko thupi limachita tsembwe.

Asananyamuke tinangomva belu la njinga. Kutembenuka, ndi achikulire omwe aja, okha, akutsika panjinga yawo yakale. Anaitsamiritsa pamtengo wa mango, anavula chipewa, n'kukhala pansi penipeni osadikira mpando. Anapereka moni kwa aliyense mwaulemu, kenako ananena kuti zonse zimene zikukambidwa amva, ndipo sanabwere kudzakangana ndi munthu. Anapempha alongo anga ndi amuna anga kuti awalole kundifunsa kanthu kamodzi kokha, akatero achite nawo chimene akufuna. Amuna anga ndi amene anati funsani.

Anandiyang'ana n'kunena kuti amayi, tatsekani diso lakumanja ndi chikhatho, mundiuze ngati chinthucho chilipo. Ndinatseka, ndipo chinalipo, chachikulu kuposa kale, bwalo lonse lili mu utsi. Anati tsopano tsekani lakumanzere. Anzanga inu, nditangotseka lakumanzere, njoka ija inazimiririka. Bwalo linayera, ndinaona nkhokwe, ndinaona mbuzi, ndinaona nkhope ya alongo anga mpaka thukuta la pamphumi pawo. Ndinachotsa dzanja, yabwera. Ndinabwezera dzanja, yapita. Ndinachita zimenezi kambirimbiri ngati mwana wapeza choseweretsa, ndikuseka uku misozi ikutsika, n'kumauza anthu kuti ili m'diso, siili panja ayi, ili m'diso langa lomweli. Masiku onse aja palibe mmodzi wa ife amene anaganizako zotseka diso limodzi, mungakhulupirire?

Apo m'pamene achikulire aja anafotokoza. Tonse tinkadziwa kuti akazi awo anamwalira ali osaona, koma palibe ankadziwa mmene zinayambira, chifukwa iwo sanali munthu wokamba za m'nyumba mwake. Akuti mayiwo analinso ndi shuga, ndipo tsiku lina anayamba kuona ngati ukonde wa kangaude ukulendewera patsogolo pawo. Unkabwera, n'kutha wokha, iwo n'kumati zapita. Utabweranso anayamba kuzungulira kwa asing'anga ndi kumapemphero, uku akuganizira abale awo omwe. Pamene ankafika kwa madokotala a maso anauzidwa kuti abwera mochedwa, ndipo kuyambira pamenepo iwo ndi amene ankawatsogolera akazi awo ndi ndodo, kuchimbudzi, kutchalitchi, mpaka tsiku lowaika m'manda. Akuti atamva za ine analephera kudya, chifukwa anadziwa kuti ndi njira yomwe ija. Anamaliza ndi kuuza alongo anga kuti ngati mukufuna kundimenya mudzandimenye mlongo wanuyu akabwerako kuchipatala, ine sindithawa, koma lero lino anyamuke.

Zibonga zija sindinaone mmene zinasowera. Alongo anga anangoti zyoli, kenako anadzuka n'kutsagana ndi achikulirewo kukamanga ngolo, poti achikulirewo anati munthu wa diso lotere asagwedezeke pakaliyala ya njinga. Ndipo ng'ombe zimene zinandikoka kupita ku boma tsiku limenelo ndi zomwe zija zinadya chimanga chathu, alongo anga ali kutsogolo atagwira chingwe.

Ku kiliniki nesi anandiyeza n'kupeza kuti shuga ndi wokwera, kuthamanga kwa magazi nakonso n'kokwera, pamene ine m'thupi ndinkadzimva bwinobwino. Nditamufotokozera za njoka sanaseke, anangoti amayi, nkhani iyi ndi ya ku Chipata kwa a maso, ndipo musachedwe. Tinakwera minibasi ine ndi amuna anga, ine diso limodzi nditaliphimba ndi mpango kuti ndipumeko.

Ku Chipata anandithira mankhwala m'maso onse awiri n'kundiuza kuti ndikhale pabenchi. Nesi analankhulapo zina pothirapo, koma ine maganizo anali kutali, sindinamve. Patapita kanthawi ndinaona kuti diso langa labwino lija layamba kuchita chifunga, zala zanga zomwe sindikuziona bwino, kuwala kwa pawindo kukundilasa ngati ndayang'ana dzuwa. Ndinawagwira amuna anga pamkono mwamphamvu n'kuwanong'oneza kuti anthu awa andimaliza, ndi limodzi lomwe linatsala lija alitenga. Ndinali nditayamba kale kulira pamene mayi wina amene anakhala pambali panga, wa ku Zingalume, anandigwira phewa n'kundiuza kuti musaope anzanga, mankhwalawa amangokulitsa kamwana ka diso kuti adokotala aone mpaka kuseri, pofika mawa zikhala zitatha. Akuti iye amabwera chaka chilichonse kudzathiridwa omwewo, maso ake asanavutepo n'kamodzi komwe. Ndinamuyang'ana mwa chifungacho n'kumadabwa kuti kodi alipo anthu opita kuchipatala asanadwale?

Adokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula modekha. Anandiunika ndi kanyali kowala kwambiri, akundiuza kuti yang'anani kumwamba, yang'anani pansi, yang'anani kukhutu kwanga. Atamaliza anatifotokozera kuti kuseri kwa diso kuli kansalu kopyapyala kamene kamagwira zonse zimene timaona, ndipo kali ndi timitsempha ta magazi tating'ono kuposa tsitsi. Shuga akakhala m'thupi zaka zambiri amatifooketsa timitsemphato, thupi n'kuyamba kumeretsa tina tatsopano, koma tatsopanoto n'tosalimba, timaphulika. Kanga kamodzi kanaphulika, magazi n'kutayikira m'madzi oyera a m'kati mwa diso, ndipo njoka imene inandithamangitsa m'munda inali chithunzithunzi cha magazi anga omwe. Ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja, chifukwa kwa nthawi yoyamba chinthu chija chinali ndi dzina.

Koma chimwemwe changa sichinakhalitse. Adokotala anati chimene chikuwadetsa nkhawa kwambiri si diso lamanzere ayi, koma lamanja, limene ine ndinkalitcha labwino, chifukwa namonso timitsempha tosalimba tija tinali titamera kale, tikungodikira tsiku. Anati ndiyenera kupita ku Lusaka mwamsanga kuti akandithandize ndi leza. Ine m'makutu mwanga munamveka lezala. Ndinadzuka pampando, ndinamanga chitenje, n'kuwauza amuna anga kuti tiyeni tizipita, ine diso langa salitema ndi lezala ngati akutema mphini. Adokotala anaseka mpaka anavula magalasi, kenako anandikhazika pansi n'kundiuza kuti palibe mpeni, palibe chodula, leza ndi makina a kuwala amene amawotcha timadontho ting'onoting'ono kuseri kwa diso kuti timitsempha toipa tija tifote. Sanandinamize ayi, ananena poyera kuti zimenezi sizibwezera zimene zawonongeka kale, koma zimateteza zimene zatsala, ndipo kwa ine zotsalazo zinali zidakali zambiri. Anandilangiza kuti ndizigona mutu uli pamwamba kuti magazi aja adikhe pansi, ndisiye kaye kunyamula zolemera, ndipo anandisinthira mankhwala a shuga n'kuwonjezera a kuthamanga kwa magazi.

Ku Lusaka ndinali ndisanapondeko chibadwire, ngakhale mwana wanga wamkazi anakwatiwa komweko. Ndi iye amene anatilandira. Ndinalowa mu mzindawo ndi diso limodzi, koma diso limodzilo linagwira ntchito ya awiri, chifukwa ndinkayang'ana chilichonse, nyumba zosanjikizana, magalimoto osatha, amayi ogulitsa zipatso pakati pa msewu, mumtima ndikuti ngati kuli kuchita khungu ndichite nditaonako izi. Tsiku la leza anandikhazika kutsogolo kwa makina, chibwano pakachitsulo, anandithira mankhwala oti diso lichite dzanzi, kenako kunayamba kung'anima kobiriwira, ng'ani ng'ani ng'ani, ngati mphezi yopanda bingu. Nthawi zina ndinkamva kulasa pang'ono m'kati, koma si ululu woti munthu amene anabereka ana angauthawe. Ndinkangoimba nyimbo za kwaya chamumtima. Nditatuluka ndinafunsa mwana wanga kuti kodi basi ndi zomwezi, iye anati ndi zomwezo amayi, ndipo ndinaseka njira yonse pokumbukira mmene ndinamangira chitenje ku Chipata.

Ndinapitako maulendo angapo. Diso lamanzere anayamba alidikira kuti liyere. Njoka ija inayamba kuonda, kenako inaduka zidutswazidutswa, kenako inangotsala ngati tiulusi toyandama, ndipo patapita miyezi anatha kuona kuseri kwake n'kuliwotchanso. Tsiku limene ndinabwerera kumudzi nditamaliza chithandizo, anthu anadzaza pakhomo ngati pali ukwati, aliyense akufuna ndimuuze kuti wavala chiyani, ine n'kumawatchulira mitundu ya zitenje zawo mmodzimmodzi, nthungululu zili pakamwa.

M'mawa mwake alongo anga anabwera atanyamula tambala m'khwapa n'kundiuza kuti mlongo, ndiperekezeni. Tinawapeza achikulire aja akukonza goli pakhonde. Alongo anga, munthu amene sindinamuonepo akugwadira munthu, anagwada pansi n'kupereka tambala uja ndi manja awiri. Achikulirewo analandira, kenako anandifunsa ngati ndikuwaona bwino. Ndinati ndikukuonani abambo, mpaka imvi za m'ndevu zanu. Anagwedeza mutu n'kunena kuti akanapezeka munthu wowauza iwo nthawi ija, bwenzi lero mukulandiridwa ndi mayi pakhomo pano. Atatero analowa m'nyumba, ndipo anachedwa kutuluka.

Sindikunamizani kuti maso anga anabwerera mwakale. Lamanzere limaona ngati pagalasi losapukuta, ndipo kukayamba kuchita mdima ndimavutika, moti njinga ndimapalasa masana okha. Koma ndimalima, ndimasankha nyemba, ndimawerenga buku la nyimbo ndi magalasi, ndipo adzukulu anga ndimawadziwa ndi nkhope, osati ndi mawu. Mankhwala ndimamwa mosadumphitsa, ndiwo zamasamba ndinachulukitsa, shuga ndi magazi ndimakayezetsa kawirikawiri, ndipo chaka chilichonse ndimakwera minibasi ya ku Chipata kukathiridwa mankhwala a chifunga aja, tsopano ine ndi amene ndimatonthoza atsopano pabenchi.

Za ufiti sinditsutsana ndi munthu, aliyense ali ndi zimene anaona. Chimene ine ndimakhulupirira tsopano n'chakuti matenda ena amagwira ntchito yawo mwakachetechete, munthu ukudya, ukuseka, ukulima, ndipo akamadzaonekera amakhala apita kale patali. Ndimakhulupiriranso kuti mantha akalowa pamudzi amafuna munthu womuloza chala, ndipo nthawi imene mukutaya pofunafuna munthuyo ndi yomwe diso likufera.

Ndiye inu amene muli ndi shuga, kapena muli ndi mayi, bambo, mwamuna kapena mkazi amene ali naye, ndikukupemphani ngati mnansi wanu. Pitani akakuoneni kuseri kwa maso chaka chilichonse, ngakhale mukuona nyerere ili patali. Mukayamba kuona timadontho takuda, ulusi, utsi kapena chifunga, musatikite, musathiremo za m'botolo la mnzanu, musadikire kuti mumalize kukolola, nyamukani tsiku lomwelo. Ndipo musanene kuti ndipita likayamba kupweteka. Langa linatsala pang'ono kuzima, koma kuyambira tsiku loyamba mpaka pamene ndinakakhala pamaso pa adokotala, silinandipwetekepo ngakhale pang'ono.